Ku Chiromo ndi Kubwerako Kamera Isanaphethire

Amene waseka uja aimirire. Ndamumva ine, makutu anga sanakalambe ngati maondowa. Ndiwe Yohane, eti? Walowa m'chipinda cha mwini, wamwa tiyi wa mwini, kenako ukuloza chithunzi cha pakhoma n'kumafunsa kuti mdala wapachikiranji bwato lopanda munthu. Iwe wa ku Dedza, madzi amene umawadziwa ndi a m'beseni, ndiye ungasiyanitse bwanji bwato lopanda munthu ndi lokhala ndi munthu? Khala pansi. Nonsenu khalani, lero ndi Lachisanu, basi ya shifiti sibwera msanga. Zimene ndikuuzeni pano ndi zoona zokhazokha, ngati ndikunama mphenzi indiwombe, ngakhale kuti kuno ku Doha mphenziyo muchita kuidikira mpaka kontrakiti yanu ithe.

Ine ndine Lapukeni wa ku Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo kupalasa ndinayamba ndisanamere mano. Ana ena akalira ankawapatsa bere, ine ankandipatsa nkhafi. Ndili mnyamata ndinkawolotsa anthu, njinga, mbuzi ndi matumba a chimanga pa bwato limodzi madzi atasefukira, mvuu zikuchita kundipempha njira. Ndiye nditafika kuno n'kumva kuti ku Pearl, chilumba chija anachita kumanga anthu pothira mchenga m'nyanja, akufuna munthu wodziwa madzi, ndinangoseka. Bakha samufunsa ngati amatha kusambira.

Ntchito yakeyo inu simuidziwa, poti mumangoima pa geti. Alendo amabwera ku holide kuchokera kumayiko ozizira, ndipo safuna kubwerera kwawo opanda chithunzi chosonyeza kuti anasangalala. Amalipira kampani yathu kuti iwajambule ali mu kayaki, kabwato kapulasitiki kowonda ngati khoko la nyemba, pansi madzi abuluu, kumbuyo nyumba zosanja. Bwana Karimu, wojambula wathu wa ku Lebanon, amakhala mu boti ina ndi kamera yotalika ngati munsi. Vuto ndi lakuti alendowo kupalasa sadziwa. Mayi akangokweza nkhafi kuti amwetulire, kayaki yatembenuka kale, kamera ikuona nkhongo. Choncho pamafunika munthu woima m'madzi ofika m'khosi, kumbuyo kwa kayaki, kuigwira kumchira kuti isasunthe mpaka kamera iphethire. Munthu ameneyo ndine. Tikamaliza, zithunzi zimapita ku ofesi kwa Mayi Rozi a ku Philippines, amene ntchito yawo ndi kundifufuta pa kompyuta, mutu, zala, ngakhale mthunzi wanga, kuti mlendo aoneke ngati anali yekhayekha pakati pa nyanja.

Mukumva? Ndiye kuti ine ndili pa makoma a dziko lonse lapansi. Ku Jeremani ndilipo, ku India ndilipo, ku Japan ndili pabalaza, kungoti pansi pa madzi. Pulezidenti amamupachika m'maofesi a dziko limodzi, ine mpaka kuzipinda zogona za mayiko onse. Ndipo musaiyese ntchito yamasewera, chifukwa tsiku lina kunabwera chimphepo chija chimadzaza mchenga m'mano, mu kayaki muli chimzungu cholemera ngati ng'ombe ya pangolo, ine ndinaigwira ndi chala chimodzi, dzanja lina ndikukankha sitima ya gasi imene inasochera njira, mwendo ndikuthamangitsa shaki, m'kamwa ndaluma chipewa cha mkazi wake chimene chinauluka, ndipo chithunzi chinatuluka madzi ali phee ngati tiyi wa m'kapu. Tsiku linanso mkwatibwi wina anati mutu wanga ukumusokoneza, ndinamira, ndinakhala pansi pa madzi mpaka anasintha zovala zake zonse, anakangana ndi mwamuna wake, anagwirizananso, ndipo povuuka ndinapeza nkhanu yaikira mazira m'khutu langa, ana ake ayamba kale kuyenda chammbali.

Koma nkhani ya chithunzi chili pakhomachi ndi ya Esinati, mwana wanga wachisamba. Ndinamusiya ali ku sekondale, akuvalabe masokosi oyera. Ndinkati ndikagwira kontrakiti imodzi ndibwerera, koma kontrakiti imaphukira inzake ngati nthochi. Ku livu ndinapitako, inde, koma livu ndi chiyani? Umafika ngati mlendo, akuphera nkhuku, usanazolowere kulira kwa atambala akwanu wayamba kale kulongedza. Mwana wanga anakulira pa foni. Chaka chatha anandiuza kuti wapeza banja, mnyamata wophunzitsa ku pulayimale ku Bangula, ukwati mu Novembala. Novembala ndi pamene kuno kumayamba kuzizira, alendo amachita kusefukira, ndiye nditapempha livu anandiyankha mawu aja mukuwadziwa nonse: inshala. Anyamata inu, inshala wa mu ofesi ndi ayi wovala suti. Ndinalira, sindibisa. Mwayi wake ntchito yanga ndi ya m'madzi amchere, misozi sioneka.

Esinati ndiye anandilimbitsa mtima pa foni. Anati, "Ababa, musadandaule, amalume andiperekeza m'tchalitchi. Koma mpando wanu ku holo sitipatsa munthu wina. Tumizani chithunzi chabwino tichiike mu felemu, chikhale pambali pa amayi. Chija cha pasipoti ayi, mumaoneka ngati akukufunani apolisi."

Taganizani. Ine munthu wa pa makoma a dziko lonse, ndinalibe chithunzi ngakhale chimodzi choti mwana wanga aike pampando. Ndinapita kwa Bwana Karimu, ndinavula chipewa, ndinawafotokozera. Anati palibe vuto, habibi, ndiye kuti wokondedwa wanga m'Chiarabu chawo, mawa. Mawa lawolo linakhala likusuntha ngati kayaki yopanda wogwira, mpaka linakafika m'mawa wa tsiku la ukwati lenilenilo. Tinagwirizana kuti andijambule dzuwa likungotuluka, alendo asanafike, kenako Mayi Rozi atumize chithunzicho pa foni ya mlamu wanga Alufandika, iye awoloke nacho mtsinje, akachapitse ku Bangula phwando lamasana lisanayambe. Nthawi yobwereza panalibe.

Ndinavala jekete imene ndinagula kalekale ndikuyesa kuti ndikaivalira ku Chiromo, kumunsi kabudula wanga wantchito, poti kamera sifika kumeneko. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni kuno ndinakhala pamwamba pa kayaki m'malo mwa pansi pake. Bwana Karimu anasuzumira mu kamera n'kupukusa mutu. Anati, "Nkhope yako yauma ngati uli pamaliro. Ganizira kwanu, habibi. Ndikati yala, kutanthauza kuti tiye, upalase kamodzi mwamphamvu, madzi aoneke akuthovoka."

Apo ndiye analakwitsa. Munthu wa ku Chiromo sumuuza kuti aganizire kwawo nkhafi ili m'manja.

Anangoti yala, chala chawo chikuyamba kutsikira pa batani, ine ndinamiza nkhafi, ndipo zaka zonse zimene ndinakhala ndikugwira mabwato a eni kuti asayende zinatulukira m'mapewa nthawi imodzi, kayaki inalira ngati mwana wa mbuzi n'kuuyatsa, nyumba zosanja za ku Pearl zinawerama ngati chimanga pa mphepo, ndinadutsa pakati pa sitima ziwiri za gasi mpaka penti wake anasupuka, ndinatulukira pa khwawa pamene nyanja inoyi imathira mu inzake, asodzi a ku Oman anali atangoyanika maukonde ndipo mphepo yanga inawaumitsa n'kuwapinda bwinobwino, nangumi wina anayesa kupikisana nane n'kugwidwa ndi befu, ndinapita pambali pa Zanzibar fungo la zokometsera likumatirira pa jekete, mpaka lero mukhoza kununkhiza, ili apo, ndinatsetsereka gombe lonse la Mozambique ana akuyesa kuti ndi ndege yagwa, ndipo pa Chinde ndinakhotera kumanja n'kulowa mu Zambezi. Mukumva? Pamenepo ndinanyambita nkhafi. Mchere unali utatha, anali madzi amatope, ozizira, okoma.

Polowa mu Shire sindinafunenso kupalasa, mtsinje unandizindikira n'kuyamba kuyenda chobwerera kuti undinyamule, namasupuni akupatuka yekha, mvuu za pa Nsanje zikuuzana kuti Lapukeni wabwera, ndipo ng'ona ya diso limodzi imene ndinaimenya ndi nkhafi ndili mnyamata inakwera pamchenga n'kundiombera m'manja ngati mkamwini. Ndipo poti kwathu kumacha mochedwerapo kusiyana ndi kuno, ndinafika pa doko la Chiromo ndisananyamuke ku Doha. Usapukuse mutu Yohane, funsa aliyense amene amaimba foni kumudzi, akuuza kuti wotchi yathu ili m'mbuyo.

Ndinamangirira kayaki pa bango n'kukwera kumtunda. Kutentha kwa kwathu kunandikumbatira, kuja kumanunkha fumbi ndi mango oyamba kupsa. Kuno kutentha kulibe fungo, kumangowotcha basi. Ndinamva utsi wa nkhuni, thobwa, mbuzi ikupsa ubweya, azimayi akululutira kuseri kwa nyumba yanga, nyumba imene malata ake ndinagula ine koma mvula ndinali ndisanaimvepo ikugwa pamenepo. Panjira ndinakumana ndi Alufandika akupopa njinga. Ndinati, "Mlamu, mwadzuka bwanji?" Sanatembenuke. Ndinamugwira paphewa, anangokanda ngati yamuluma ntchentche. Ndinapereka moni kwa abusa, kwa anzanga a pa doko, kwa agalu, palibe anandiona. Apo m'pamene ndinazindikira. Munthu sangafufutidwe tsiku ndi tsiku kwa zaka zonsezo n'kukhalabe wooneka. Mayi Rozi anali atandipala pang'onopang'ono ngati sopo, mpaka ndinatha.

Ndinalowa pabwalo chomwecho. Amake Esinati anali pakhonde akumanga duku, ndipo ndinaona imvi zimene foni siinandionetsepo. Amangolankhula okha, akuti bambo akewa akanakhalapo bwenzi akusokoneza aliyense ndi nkhani zawo. Ndinaima pafupi kwambiri moti ndinamva mafuta amene amadzola, omwe aja a kale. Ndinafuna kuwauza kuti duku lapendekera, koma mawu anga ankangothera m'mphepo.

Esinati anali m'chipinda, azimayi akumuveka diresi loyera. Anyamata, ine ndinasiya kamtsikana ka masokosi, apa panali mayi wathunthu, khosi lalitali ngati la malemu agogo ake, ndipo aliyense akumulankhula iye maso ali pa foni, akudikira kumva za chithunzi cha bambo ake. Anamubweretsera nsapato zazitali zija za gogoda. Mwana wa ku Chiromo wakulira m'matope, zoterozo anazivalapo liti? Atangoimirira anayamba kudzandira, uku ndi uku, diresi lamukola mwendo, azimayi manja ali ndi mapini, ndipo ndinaona kuti agwa. Ndinachita chokhacho chimene ndimadziwa. Ndinapita kumbuyo kwake n'kumugwira, pang'ono chabe, monga ndimagwirira kayaki kuti mlendo ayese kuti wakhazikika yekha. Anaima chilili. Anatembenuka n'kuyang'ana pamene ndinali, nati, "Amayi, mphepo iyi ikununkha mchere."

Ndikanatha kukhala. Ndani akanandiletsa? Ndikanayenda kumbuyo kwake mpaka kuguwa, ndikanamva akulumbira, ndikanavina osaoneka pakati pa anthu anga mpaka fumbi kuti kobo. Koma makutu angawa, amene amamva Yohane akuseka chamumtima, anamva kutali kwambiri, kuseri kwa nyanja zonse zija, chala cha Bwana Karimu chikuyandikira pansi pa batani. Ndikapanda kubwerera, chithunzi palibe, ndipo mwana wanga akakhala pa holo pambali pa mpando wopanda kanthu anthu onse akuona. Iye sanapemphe mphepo yonunkha mchere, anapempha chithunzi. Ndinamusiya. Chinthu cholemera kwambiri chimene ndinanyamulapo m'moyo wanga si chimzungu chija kapena sitima ya gasi, ndi dzanja langa lomwe pamene ndinkalichotsa pamsana pa Esinati.

Pobwerera sindinaone kanthu, chifukwa ndinkapalasa nditatsinzina, Shire, Zambezi, Chinde, nyanja yonse ija chokwera, nangumi uja akadali kupuma mwabefu, asodzi a ku Oman akadakanganabe kuti wapinda maukonde ndani, ndipo ndinangomva madzi ayambanso kuwawa mchere pamilomo, kayaki n'kuima pamalo pake penipeni, kamera n'kuti phethi. Bwana Karimu anati, "Halasi, tamaliza. Koma walira chifukwa chiyani?" Ndinati ndi madzi athovokera kumaso. Sanaone n'komwe kuti kunsonga kwa nkhafi kunali tsamba la namasupuni, chomera chimene m'nyanja muno simungachipeze.

Alendo anafika, ndinavula jekete n'kulowa m'madzi, foni ndinasiya mu loka, kabati yotsekeramo katundu wathu, monga mwa masiku onse. Zithunzi za m'mawawo zinapita ku ofesi pamodzi, changa chili pakati pa za alendo. Nditatuluka m'madzi dzuwa litapendeka, ndinapeza Mayi Rozi akundidikira pa doko, maso ali psuu. Akuti iwo ntchito inawachulukira, dzanja lawo linazolowera, likangoona mutu wa Lapukeni limafufuta lokha asanaganize, ndiye anandifufuta mu chithunzi changa chomwe, jekete ndi nkhafi zomwe, n'kutumiza kwa Alufandika. Anazindikira phwando litayamba kale. Analira mayi aja, akupepesa m'zilankhulo zonse zimene amadziwa. Ine ndinawauza kuti asadziimbe mlandu, sanafufute kanthu iwo. Kamera inaphethira ine ndisanamalize kufika. Munthu akachokera kutali chotero, kulemera kwake kumayamba kufika, thupi limatsatira pambuyo. Akuti chilipo china mu kompyuta mwawo chimene ndikuonekamo, anafuna kundichapira chaulere. Sindinachione ndipo sindichifuna.

Nditatsegula foni, ndinapeza uthenga wa mawu wochokera kwa Esinati, kumbuyo kukumveka nyimbo ndi nthungululu. Alufandika anachapitsa chomwecho poti nthawi inali itatha, ndipo anthu ena pa holo anaseka, akuti bambo a mkwatibwi atumiza bwato m'malo mwawo. Amalume ake anafuna kuchibisa pansi pa tebulo. Esinati anakana, anachiika yekha pampando, pambali pa amayi ake. Ndili nawo uthengawo, ndimaumvera ndikamapita ku shifiti, koma sindikuikirani chifukwa si wa makutu a anthu oseka. Anati, "Ababa, asekeni okha, sadziwa madzi. Bwato lopanda munthu limayandama pamwamba ngati tsamba. Ili lamira kumbuyo, ndipo lapendekera kumanzere, mmene mumakhalira inu chifukwa cha chiuno chanu chija. Ndakuonani, ababa. Mwakhala bwino."

Ndi ameneyo mwana amene ndinkamukhazika kutsogolo kwa bwato asanayambe sukulu. Anachapitsa china n'kunditumizira ndi mnyamata wa ku Nchalo amene amachokera ku livu, ndicho chili pakhomachi, ndipo chinzake chili pabalaza pake ku Bangula. Pa makoma onse a dziko lapansi amene ndilipo, ndi pokhapo pamene mwini khoma akudziwa.

Tsopano Yohane, ika kapuyo pansi, bwera kuno. Usayang'ane nyumba zosanjazo, ndi za eni. Ika chala chako apa, pamene madzi akhudza kayaki, utsatire mzerewo kuchoka kumutu mpaka kumchira. Waona pamene wamira? Ndiye undiyang'ane m'maso, unenenso kuti mulibe munthu.